Mapazi a Mlamu Wanga Bester ndi Ulendo wa Nangondo

Mlamu wanga Bester anali ndi mapazi oti ukakumana naye unkayamba wapereka moni kwa mapaziwo, kenako n'kukweza maso kufunafuna mwini wake. Sindikunama ayi. Tsiku lina mvula itagwa mwadzidzidzi pamsika wa Mitundu, ndinaona ndi maso angawa nkhuku zitatu ndi kamwana kambuzi zitausa pansi pa phazi lake lamanzere, iye atalikweza kuti azule minga. Wofuna kutsutsa atsutse, koma nkhukuzo zinadyedwa kalekale, mboni yotsala ndine ndekha.

Ine ndine Efulemu, mlongo wake wa malemu Enelesi amene a Besterwo anakwatira. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tawina, amene pano akuphunzira unamwino ku Nkhoma, wakhala akundiumiriza kuti ndilembe za bambo ake. Akuti, "Malume, mulembe, koma musaname." Ndamulonjeza kuti ndinama mwa apo ndi apo pokha, ngati mchere m'ndiwo.

A Bester anabwera kuno mu 1971 pa lole yonyamula matenanti kuchokera ku Phalombe. Anatsikira pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Mitundu, cha kumbali ya ku Malingunde, atanyamula mkeka, poto ndi mapazi aja. Pa esitetipo panali katapila, thalakitala ija yopanda matayala, yoyenda pa matcheni achitsulo otambalala ngati chitseko, okhala ndi mano oluma pansi. Ntchito yake inali kuzula zitsa, kutsegula misewu yokatengera nkhuni za m'mabalani oumitsira fodya ndi kukumba madamu. Antchito anaipatsa dzina loti Nangondo, poti inkayenda monyang'wa ngati mayi wa pamudzi amene ana ake onse ali pantchito m'tauni. Ikalira m'mawa, atambala a ku Dedza ankaleka kulira chifukwa cha manyazi.

M'dzinja lachiwiri a Bester ali pa esitetipo, kapitawo analamula kuti Nangondo adutse pakadambo kena kuti akazule zitsa tsidya lina. A Bester, amene ankabandira fodya chapafupi, anaweramuka n'kukuwa kuti, "Bwana, pamenepo sadutsa! Pansi pake m'phala!" Kapitawo anawafunsa ngati anaphunzira za makina kusukulu yanji. Anthu anaseka. Nangondo analowa, anayenda mayadi khumi, kenako anakhala pansi ngati mayi wofika pamaliro. Anatitimira mpaka mpando wa dalaivala unayamba kusambiramo achule. Anamukumba masiku khumi ndi limodzi, amuna makumi anayi, ng'ombe za midzi itatu, ndipo ena amati mbusa anachita kubwera kudzapemphera. Atatuluka, mwini esiteti anaitana a Bester nati, "Kuyambira lero iwe uziyenda patsogolo pa makinawa. Pamene wakana, sadutsa."

Ndiyo inakhala ntchito yawo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri: kuyenda patsogolo pa Nangondo. Dzina la ntchitoyo kuofesi kunalibe. Anangowalemba kuti wothandiza dalaivala, koma aliyense ankadziwa kuti dalaivalayo ndiye ankathandiza a Bester.

Anawapatsa majombo, koma iwo ankawamangirira m'khosi ngati mkanda. Ankati munthu wovala jombo ndi gonthi. Akafika pamalo okayikitsa, ankakweza chikhatho, Nangondo n'kuima. Kenako ankayenda okha pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa khanda. Ankaimirira ndi chidendene chimodzi, thupi lonse n'kulitsamiritsa pamenepo. Anandifotokozerapo tsiku lina kuti chidendene cha munthu chimadinda pansi kwambiri kuposa matcheni a katapila, poti katapilayo ngakhale ndi wolemera, kulemera kwake amakuyala pamalo aakulu ngati munthu wogona pamphasa. Ndiye chidendene chikalowa pang'ono chabe, pamwambapo mpabwino. Koma vuto, ankatero, n'lakuti chidendene chimamva za pamwamba pokha, pamene Nangondo amamva mpaka pansi pa mtima wa dothi. N'chifukwa chake ankayenda ndi ndodo yachitsulo yofika m'chiuno. Ankaikankha pansi ndi dzanja limodzi. Ikalimba isanafike theka, ankakodola ndi ndodoyo kuti bwera. Ikapitirira theka popanda kukana, ankapukusa mutu n'kukafuna njira ina.

Sizinathere pamenepo. Ankatapa dothi n'kulipota m'manja ngati akupota chingwe. Likatuluka ngati nyongolotsi yaitali kuposa chala osaduka, ankati lakhuta madzi, matcheni adzaza matope, mano aleka kuluma. Ankapotokola chidendene kuti amve ngati dothi likugwirana kapena likusiyana. Ankati imfa za katapila n'ziwiri: kumira, ndi kupalasa pamodzimodzi ngati nkhuku mpaka kudzikumbira dzenje yekha. Katondo wofiira wa kumtunda ankamutcha mnzake wonena zoona. Mchenga ankati ndi mlendo wamanyazi, umafuna kupita naye mowongoka osakhotakhota. Koma makande akuda a m'dambo, amene anakulira nawo kwawo ku Phalombe, ankawatcha mfiti yovala suti: pamwamba pouma gwa ndi ming'alu, pansi phala la mwana. Ankayang'ana mauna a nkhanu, mapazi a ng'ombe, pamene pamera mlulu ndi pamene pamera tsekera. Ndipo lamulo lawo lalikulu kwa dalaivala, a Wilson, linali loti pofewa osakhota, ndiponso osadutsa kawiri pamzere umodzi.

Zaka zonsezo Nangondo sanatitimirepo ngakhale kamodzi. Mbiri inamveka mpaka anthu ofuna kukumba chimbudzi ankabwera kudzawaitana kuti akapondepo kaye. Ine ndinkauza anthu kumowa kuti mlamu wanga akaponda pa Mitundu amadziwa kuti ku Salima kwagwa mvula, ndi kuti nyerere ya ku Nathenje ili ndi pakati.

Chinthu chimodzi chokha: pampando wa Nangondo sanakhalepo. A Wilson ankawanyengerera, iwo n'kumati, "Ndikakwera ine, pansi aona ndani?"

Mlongo wanga Enelesi anakumana nawo kutchalitchi. Anawakonda, ngakhale ine monga mwinimbumba ndinachenjeza kuti mphasa za m'mudzi muno sizikwana munthu wa mapazi otero. Analowa chikamwini m'mudzi mwathu, kum'mawa kwa Mitundu, njira yopita ku Nathenje. Anamanga nyumba ya njerwa zootcha, yoyamba pamtundu pathu, pamalo amene anawaponda masiku atatu asanavomere. Mkati mwa sabata ankagona ku esiteti, Loweruka masana n'kubwera, akununkha girizi ndi dizilo.

"Bambo a Tawina, mkazi mnzanga mwamusiya bwanji?" ankatero Enelesi akuwalandira chipewa.

"Akutsokomola pang'ono, amake Tawina, koma wadya bwino."

"Mukanamubweretsa adzandithandize kusinja. Mitala yanji yoti wina amangodya mafuta, wina akutha manja ndi mtondo?"

"Akanabwera, koma khomo lanu ndi laling'ono."

"Khomo lolowa mapazi anuwo lingakanike katapila?"

Ankaseka mpaka Enelesi kugwira m'nthiti. Ndikamadutsa panyumba imeneyo masiku ano ndimafulumiza miyendo, chifukwa kusekako ndimakumvabe.

Enelesi anamwalira mu Ogasiti 1994, miyezi itatu chichitikireni chisankho chija. Anadwala sabata ziwiri zokha. Manda ake a Bester anasankha okha malo, ngakhale adzukulu okumba anang'ung'udza kuti mkamwini saloza pokumba. Anangowauza mofatsa kuti, "Apa pali madzi pansi. Sunthirani uko, pakatondo." Anasuntha.

Tsono mwambo ndi mwambo. Titameta, akuluakulu a banja anakhala pansi n'kunena kuti mkamwini asudzulidwe, ndiye kuti amasulidwe, abwerere kwawo, poti chimene chinamubweretsa chapita. Azakhali ena anali atayamba kale kuyang'ana munda wa kudimba ndi nyumba ya njerwa ija ndi diso la nkhwazi. Mawu osudzula amayankhula ndi mwinimbumba. Ndinayankhula ine. Pakamwa pomwepa pamene pamatuluka nthabwala panatuluka mawu akuti, "Alamu, tathokoza, mwatisungira mlongo wathu bwino. Tsopano ndinu omasuka." A Bester anawomba m'manja mwaulemu, maso ali pa zala za kumapazi kwawo.

Ku Phalombe sanapite. Anasamukira m'kanyumba ka pa esiteti, pafupi ndi shedi ya Nangondo. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankayenda maola awiri kudzaima kunja kwa msitu wa kumanda kwathu, poti kumanda salowa wamba popanda chifukwa. Ankangoima panjira, chipewa m'manja, kenako n'kudzamwa thobwa kwa ine n'kubwerera. Malinga Nangondo anali pa esiteti, a Bester anali ndi ntchito, denga, ndi chifukwa chokhalira kufupi ndi Enelesi.

Koma nthawi inali itasintha. Matipate atabwera, aliyense anayamba kuyankhula zimene akufuna, moti ngakhale ine ndinapeza opikisana nawo pa bodza. Anthu a m'midzi anayamba kulima okha fodya wa bale pakhomo, zigafa zinamera paliponse ngati bowa, matenanti ambiri anathawa m'maesiteti. Esiteti ija inayamba kufota. Chakumapeto kwa Novembala 1995 mwini wake anagulitsa Nangondo kwa mkulu wina wophwanya miyala ya kwale ku Nathenje, amene anali kale ndi anthu ake, ndipo pathanthwe safuna munthu woponda dothi. Chilole chonyamulira katapila sichinapezeke. Pamsewu wa tala matcheni saloledwa, amausenda ngati mbatata. Ndiye panatsala njira imodzi: Nangondo ayende yekha modutsa m'midzi ndi m'madambo, masiku atatu, mvula itagwa kale kawiri. Ndipo womutsogolera anali a Bester. Ntchito yawo yomaliza inali yoperekeza ntchito yawoyo.

Ine ndinati sindingaphonye. Ndinavala jekete langa la maukwati n'kukawachingamira pa Mitundu tsiku loyamba. Anthuni, msika unaima. Ogulitsa tomato anasiya tomato, osoka nsapato anasoka zala zawo. Ena ankati ndi chitukuko chimene chipani chinalonjeza, anayamba kuvina n'kumaimba, amayi ena mpaka anayala nsalu pansi. Nditawauza kuti chitukukochi chikungodutsa, sichikhala, anandigenda ndi chitsononkho. Patsogolo pa zonsezo panali a Bester, majombo m'khosi, ndodo m'manja, osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Kuseri kwa mpando wa a Wilson ndinaona atamangirira kachikwama ndi mkeka. Ndinadziwa kuti munthuyu sakuganiza zobwerera.

Tsiku limenelo tinayenda pakatondo yekhayekha, Nangondo akungoimba. Tinagona m'mudzi mwathu. M'mawa mwake, dzuwa litangotuluka, tinakhala pansi pa mtengo wa mango tikumwa thobwa, ndipo kutsogolo kwathu kunali dambo lathu lalikulu, limene ng'ombe zimamwerako. Tsidya lino la dambolo, pamtunda, ndi pamene pali msitu wa kumanda.

Ndinali nditagona ndi nzeru, ndipo inali itapsa.

"Alamu," ndinatero, "zaka zonsezi mwalakwitsapo kangati?"

"Sindinawerenge, poti palibe choti ndiwerenge."

"Ndiye muli ndi kulakwitsa kumodzi kumene Mulungu anakusungirani. Munthu aliyense ali nako. Ine kwanga ndinamaliza ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri."

Anandiyang'ana chammbali. "Mukufuna kunena chiyani, alamu? Thobwali ndi la dzana kapena?"

"Taonani dambo ilo. Mayiyu akakhala pansi pakati apo lero, amudzutsa ndani? Mvula yayamba. Sadzatuluka mpaka Ogasiti. Miyezi isanu ndi inayi! Ndipo mwini wake watsopanoyo adzafuna mlonda, kuopa kuti anyamata angamasule zitsulo n'kukasula makasu. Mlonda wodziwa Nangondo ndani? Tikumangirani kachisakasa apo pamtunda. Mukadzuka m'mawa, kumanzere mkazi wamng'ono, kumanja mkazi wamkulu. Pa miyezi isanu ndi inayi ngakhale mitima ya azakhali imafewa, anthu adzazolowera kukuonani."

A Wilson, amene ndinali nditawanong'oneza kale, anapukuta pakamwa nati, "Ine, achimwene, maso anga amakhala pa dzanja lanu. Dzanja likati bwera, ndimabwera. Palibe bwana angandifunse kanthu. Ndipo inu ndani angakudzudzuleni? Dambo ndi dambo."

A Bester anamaliza thobwa, anatsanulira matsenga ake pansi, n'kuyang'ana mmene dothi likumwera. Kenako anayang'ana kumsitu kuja nthawi yaitali. Anatola ndodo nati, "Tiyeni, dzuwa likukwera."

Njira zodutsira dambolo zinali ziwiri. Ina inali yozungulira, yotsata mzere wa zulu za chiswe m'mphepete, yaitali moti munthu ukhoza kuyamba uli mnyamata n'kukafika uli ndi zidzukulu. Ina inali yachidule, yowongoka pakati, pamene ng'ombe zinkadutsa m'chilimwe. Pamwamba pake panali pouma, ming'alu ili mbee, poti mvula ziwiri zija zinali zitangolowa m'ming'alumo n'kukabisala pansi.

A Bester analunjika njira yapakati.

Mudzi wonse unali utaima kumtunda. Tinawaona akuyenda, akuima ndi chidendene chimodzi. Chinalimba. Anapita patsogolo mayadi makumi awiri, n'kuika ndodo pansi. Sanaikankhe n'komwe. Inangolowa yokha, myaa, mpaka dzanja lawo linagunda dothi. Anaizula ikudontha phala lakuda. Anthu akumtunda sanaone bwino, koma ine ndinaona, a Wilson anaona.

A Bester anaimirira pamenepo, nkhope yawo ili kumsitu wa kumanda. Sindikudziwa kuti inali nthawi yaitali bwanji. Ndikanati ndinene mwa chizolowezi changa, ndikanati ndevu zinandimera mpaka pachifuwa. Koma apa sindinama: inali nthawi yokwana munthu kunena Atate Wathu kawiri.

Kenako anatembenuka, anakweza ndodo, n'kukodola. Bwera.

A Wilson anandiyang'ana kamodzi, n'kukoka chitsulo chawo. Nangondo anabangula, anatsika pamtunda, matcheni ake anagwira makande. Mayadi asanu. Mayadi khumi. Ndinaona dothi la patsogolo pake likutukuka ngati mimba ya ng'ombe yopuma. Ming'alu inayamba kulavula madzi. Pamene a Bester anaima, patali ndithu, udzu unkagwedezeka popanda mphepo. Anandiuza pambuyo pake kuti anamva dambo lonse likunjenjemera kumapazi kwawo ngati chikopa choyala pamadzi.

Ndodo inagwa pansi. Chikhatho chinakwera m'mwamba, ndipo anakuwa ndi mawu amene sindinawamvepo kwa munthu wofatsa ngati uja.

"Imani! Wilson, imani! Bwererani chambuyo, mowongoka! Musakhote, ndapota nanu, musakhote!"

Anathamangira kwa Nangondo, matope akuwafika m'mawondo pamene nkhoko ya pamwamba inaboka. Anayenda pambali pake akumuyankhula ngati ng'ombe yodwala, "Pang'onopang'ono, mayi, pang'onopang'ono." Tcheni lakumanja linapalasa kamodzi, kawiri, linaponya matope mpaka pa jekete langa, kenako mano analuma. Nangondo anabwerera pamtunda akuchucha, a Wilson thukuta lili kamukamu.

Anthu anawomba m'manja, akuti a Bester apulumutsa makina. Sanadziwe kanthu. Iwo anabwerera kukatola ndodo yawo, anaipukuta ndi udzu, n'kuloza njira ya kuzulu.

Tinazungulira tsiku lonse. Ine ndinayenda pambali pawo ndili chete, chimene achibale anga amati chinachitikapo kamodzi kokha m'mbiri ya dziko lino. Titafika tsidya, msitu wa kumanda utatsala kumbuyo ngati kadontho, ndinalephera kupirira.

"Alamu, nanga bwanji? Zinali zitatheka."

"Mukudziwa chimene madzi a m'dambo amachita ndi chitsulo miyezi isanu ndi inayi?" anatero osandiyang'ana. "Akanalowa m'mimba mwake, m'mafupa mwake monse. Mu Ogasiti tikanafukula mtembo. Ndiye ine ndizikhala m'chisakasa chija, kumanja manda, kumanzere manda?"

Tinayendanso pang'ono, n'kuwonjezera kuti, "Komanso Nangondo uja amabwera chifukwa ndamuitana. Sanayambe wakayikapo."

Tsiku lachitatu masana tinaoloka msewu wa tala pa Nathenje, atayala matayala akale ndi matabwa kuti matcheni asaugwire. Tinakafika pakwale, pathanthwe loti ngakhale njovu zikwi khumi zitavina chimtali silingadindike. A Wilson anazimitsa injini, anatsika, n'kugwira a Bester pamkono.

"Achimwene, pano palibe choti muone pansi. Lero mukwera, mukakana ndikunyamulani."

"Munganyamule mapaziwa?" ndinatero ine. "Muyambe mwaitana katapila wina."

Anakwera. Anakhala pampando uja mowongoka ngati mwana tsiku loyamba kusukulu, manja pamawondo, osagwira chilichonse. Anayang'ana uku ndi uku, mapiri a ku Nkhoma akuoneka kum'mawa. Kenako anaseka pang'ono nati, "Kani kuno n'kotere? Kumwamba kuno dothi silimveka n'komwe. A Wilson, zaka zonsezi munali m'mdima chonchi?"

"Ndinali ndi inu," anatero a Wilson, n'kutembenuka kukayang'ana chinthu china chimene kunalibe.

Anatsika, anamasula kachikwama ndi mkeka, anasisita tcheni la Nangondo kamodzi, osatembenukanso. Ine ndinawaperekeza pasiteji kudikira basi ya ku Blantyre. Apa ndiye pamene Tawina akuti ndisaname.

Basi inachedwa. Tinakhala pansi pa mtengo, ndinagula nzimbe tinagawana. Mawu anali pakhosi panga, okonzeka: alamu, tiyeni kumudzi, nyumba ija munamanga ndinu, azakhali ndithana nawo ine, mwinimbumba ndine. Mawu ochepa chabe, oti ngakhale mwana akhoza kuwanena. Ine amene ndinakonza zomiza katapila yathunthu m'dambo kuti munthu akhale, ndinaopa kukangana ndi amayi atatu okalamba. A Bester anaimirira patsogolo panga, ndipo ndinaona chidendene chawo chikudinda pansi, chikupotokola pang'onopang'ono, maso ali pa ine. Anadikira. Ine ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Mukauze kondakitala kuti mapaziwo alipire mpando wawo."

Anaseka, poti anali munthu waulemu. Basi inafika. Anavala majombo, koyamba kuwaona atavala, n'kundipatsa ndodo yachitsulo ija.

"Mumusungire Tawina. Ndipo mvula ikagwa kwambiri, muzikaona pa amake ngati pakutitimira. Sipayenera kutero, mpakatondo, koma muzikaona."

Chaka chotsatira ndinachita zimene ndinayenera kuchita pasiteji paja. Ndinaitanitsa banja lonse, ndinakalipa mpaka mbuzi za m'khola zinapempha kusamuka. Azakhali anangoti, "Ife tinkadikira inu eni mbumba kuti munene." Mwaona? Dambo limene ndinkaliopa linali louma mpaka pansi, kungoti sindinaikepo ndodo.

Ndinalemba makalata awiri ku Phalombe. Yankho linabwera limodzi, lolembedwa ndi pensulo papepala la m'kope. Anati akukhala kwa mwana wa mlongo wawo, akulima nandolo. Anati makande a kwawo anawaiwala, kapena makandewo ndiwo anaiwala iwo, moti anagwa kawiri panjira ya kuchitsime ana n'kuwaseka. Anafunsa ngati Nangondo akumupaka girizi. Za kubwera anati aona dzinja likatha.

Madzinja awiri atha tsopano. Nyumba ya njerwa ndinaifolera udzu watsopano, kiyi ali m'thumba la jekete lija, limene banga la matope silinachoke ngakhale alichapa ndi sopo wokwana kuyeretsa khwangwala. Pa Enelesi sipanatitimire. M'mphepete mwa dambo mizere iwiri ya matcheni ikuonekabe, yolowa mayadi khumi n'kuthera pomwepo, ndipo m'dzinja mumadzaza madzi, ana amagwiramo mbululu. Amandifunsa kuti chinadutsa apa n'chiyani. Ndimawauza kuti ndi ng'ona ya miyendo iwiri imene inabwera kudzafunsira mbeta n'kusintha maganizo.

Tsiku la msika ndimapita ku Mitundu ngakhale ndilibe chogula. Ndimakhala pakhonde la telala moyang'anana ndi pamene minibasi za ku Lilongwe zimatsitsira anthu. Ena amati a Efulemu akalamba, akumangoyang'ana pansi ngati anataya ndalama. Asiyeni anene. Chitseko chikatseguka, ine nkhope sindiyang'ana. Ndimayamba ndaona mapazi.